Kansomba Kofuna Mchere

Mlongo wanga amagula nsomba zouma ku Mozambiki n'kumagulitsa kuno ku Chiwalo, ndipo kwanga sabwera chimanjamanja. Ulendo wina anandibweretsera chigubu cha mafuta ophikira, m'kati muli madzi ndi kansomba kamoyo kotalika ngati chala. Ankadziwa kuti ndili ndi bokosi lagalasi limene ndinkasungiramo matemba ophunzitsira ana kusukulu. Nditamufunsa kumene kanachokera, anati, "Ndagula kwa anyamata pamsika. Umafuna ndifunsenso chiwongo chake?"

Ndinakaika m'madzi a pamjigo. Kanali kachilendo ndithu. Maso anali pamwamba pa mutu ngati chule, thupi lili ndi timadontho, kankangokhala pansi pamchenga, ndipo zipsepse za kumimba zinali zolumikizana, moti kankamatirira nazo pagalasi. Posakhalitsa kanasiya kudya n'kuyamba kutuwa. Ndinafufuza pafoni n'kupeza kuti ndi mtundu wa gobi, koma agobiwo alipo ambirimbiri: ena a mumtsinje, ena a m'nyanja yamchere, ena a pakatikati. Wangayu anali uti? Ndinakwiya ndi foniyo, ndinakwiyanso ndi mlongo wangayo.

Nthawi imeneyo bambo ankakhala kwanga. Chimwalirire mayi, ankangokhala duu pakhonde, osayankhula ndi munthu. Kuchipatala anawaletsa mchere chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, ndipo ndiwo zanga zopanda mcherezo ankazikankhira kumbali. Ndinkaopa kuti nawonso andisiya.

M'mawa wina ndinawapeza atawerama pagalasi paja.

"Aka ndikukadziwa," anatero. "Ndili mnyamata ndinakagwirako ntchito kumene mtsinje umathira m'nyanja yaikulu. Madzi akaphwa, timeneti tinkatsala pamchenga." Anaviika chala m'madzimo n'kulawa. "Iwe mwana, nakonso wakaletsa mchere? Kali ndi matenda angawa?"

Ndinaseka. Kanali koyamba kundiseleula chichitikire maliro.

Ndinafuna kuthiramo mchere wodzaza dzanja, iwo anandigwira mkono. Anati madzi a kumeneko si a m'nyanja, komanso si akumwa. Ukawalawa umangokwinya nkhope pang'ono. Anaitanitsa mchere wamibulu wa ku Mozambiki, n'kumausungunula m'kapu, kuthira pang'ono, kulawa, kudikira mawa. Nditanena zokatunga madzi ku Chilwa poti nawonso ndi amchere, anati mchere wake si umenewo.

Kulawako ndiye kunkandikayikitsa. "Bambo, mukuyeza madzi kapena mukuba mchere?"

"Ndikulavula," ankatero, koma sindinawaonepo akulavula.

Kuyambira pamenepo ankadzuka ine ndisanadzuke. Ankapita ndi ndodo yawo kuseri kwa bafa kukasaka timphutsi ta udzudzu m'madzi oima, n'kubwera nato m'chitini. Kansombako kankangotiyang'ana. Bambo ankakhala pomwepo n'kumakayankhula m'Chilomwe, akuti Chichewa sikangamve poti n'kakwawo ku Mozambiki.

Tsiku lina ndikuweruka kusukulu, ndinawamva akundiitana ndili kumsewu, ndi mawu amene ndinali nditawaiwala. Ndinathamanga mtima uli m'mwamba. Kansomba kaja kanali katadzutsa chipsepse cha pamsana, timadontho take tikuonekanso, kakudumphira timphutsi.

"Kadya," anatero bambo. Anakayang'ananso kanthawi, kenako anatembenukira kwa ine. "Nanga ndiwo zako zozizira zija zatsalako? Ndipatse, ndisagonje kwa nsomba."