Mbuzi Imene Che Abdullah Sanazinge

Ku Kawale, munthu akamakonza ukwati kapena sadaka, amayamba wauza Che Abdullah asanauze abale ake. Ntchito yawo ndi yosoka nsapato pakhonde la golosale, koma chimene amadziwika nacho ndi mpeni. Anachoka ku Machinga ali mnyamata, ndipo kwa zaka makumi atatu akhala akuzinga mbuzi za anthu mwa Chisilamu, kuti Msilamu ndi Mkhristu adyere mbale imodzi. Anthu safunsa zambiri. "Wazinga ndani?" "Che Abdullah." Basi, kusamba m'manja.

M'bungwe lomenyera ufulu wa anthu analowamo chaka chimene bokosi lawo la nsapato linaphwanyidwa pothamangitsa mavenda. Chizungu cha m'misonkhano sachimva, koma sajomba, ndipo pamsonkhano waukulu wa mamembala mbuzi amazinga ndi iwo.

Chaka chino wokonza zonse anali Enerst, mwana wa mnzawo malemu Rabson, wongobwera kumene kuchokera ku Mangalande, yemwe ankafunanso mpando wa mlembi. Che Abdullah analawirira kuholo, mpeni ataukulunga m'nyuzipepala. Mbuzi panalibe.

"Ankolo, zimenezo ndathana nazo," anatero Enerst, maso ali pafoni. "Ndagula yoduladula kale kufamu ya mnzanga. Inu pumani."

"Wazinga ndani, mwanawe?"

"Aaa, nyama ndi nyama, ankolo."

M'mawa wonse mnyamatayo analankhula bwino zedi zakuti pasapezeke wosalidwa, anthu n'kumawomba m'manja. Chisankho anachiika masana, anthu akatha kudya.

Ali pamzere wa chakudya, Mayi Zaituni, ogulitsa zitumbuwa ku Biwi, anakuwa akuseka: "Che Abdullah, ndi dzanja lanu ili, eti?"

Che Abdullah anayang'ana Enerst. Mphumi, makutu, zonse Rabson yemweyo. Mwana wa mnzako ungamuvule pagulu, tsiku lake lomwe? Anagwedeza mutu kuvomera.

"Ndi ya Che Abdullah!" Mawuwo anayenda mzere wonse, azimayi a mipango n'kumatambasula mbale osayang'ananso kawiri. Mayi Zaituni anakhala pansi, nanena Bisimila, natola nthuli.

Mpeni uja unawalemera Che Abdullah m'thumba ngati mwala. Anaimirira.

"Ikani pansi, Amayi. Sindinazinge ine. Ndakunamizani."

Mbale zinayamba kubwerera pathebulo imodziimodzi. Mayi Zaituni anapukuta zala pachitenje.

"Mwanayu wakulira kwa eni, sadziwa," anatero motsitsa mawu. "Nanga inu?"

Enerst mpandowo sanaupeze, ndipo anabwera pakhonde paja kudzapepesa, chipewa chili m'manja. Che Abdullah anamuuza kuti akhale pabenchi, anamusokeranso lamba wa chikwama chake.

Loweruka lotsatira kunali ukwati ku Kaliyeka. Che Abdullah anazinga mbuzi ziwiri. Akutsuka mpeni kuseri kwa nyumba, anamva mayi wina akufunsa mnzake kukhitchini.

"Wazinga ndani?"

"Che Abdullah."

"Mwawaona ndi maso anu?"

Anapitiriza kutsuka mpeniwo, ngakhale unali utayera kale.