Litsiro la mu uvuni wa nyaLongwe

Bessie nyaLongwe sanali mkulu wa mpingo, ndipo nyimbo akaiyamba iye anthu ankayang'ana pansi. Koma pa tchalitchi china kumtunda kwa Chintheche, buledi wa Mgonero ankaphika ndi iyeyo. Anayamba ali mtsikana, ndipo pofika 2006 anali atakwanitsa zaka makumi atatu akuphikira mu uvuni womwewo, wachitsulo, wosonkhera nkhuni, m'khitchini ya kunyumba ya abusa. Mwamuna wake anamira ndi bwato, ana anapita ku Joni osabwerako. Chimene anthu ankamudziwa nacho chinali buledi ameneyo basi.

Chaka chimenecho kunabwera abusa atsopano ndi akazi awo a Ethel, namwino wobadwira ku Dedza, mayi woona kachitsotso ali kutali. Lachitatu, Mgonero uli Lamulungu lomwelo, a Ethel anatsegula chitseko cha uvuni n'kubwerera m'mbuyo.

"AnyaLongwe, thupi la Ambuye lizichokera muno? Pofika Loweruka mu uvunimu mukhale moyera. Apo ayi, tidzagula wa m'sitolo."

"Yewu, amama," anavomera Bessie m'Chitonga.

Kunena zoona, a Ethel sananame. Mafuta ndi mwaye wa zaka zonsezo zinali zitaumirana ngati phula la pamsewu. Sopo ankangotererapo, waya wotsukira mapoto anatha tsiku limodzi. Bessie anaotcha makoko a chinangwa, n'kutcheza chidulo chaukali chimene munthu sangayerekeze kuthira m'therere. Ankapaka, n'kudikira, n'kupala ndi mpeni wakale, kenako n'kukwecha ndi mchenga wa kunyanja. Pofika Lachinayi madzulo zala zake zinali zitang'ambika.

Lachisanu masana chikhoko chachikulu cha pangodya ya kumbuyo chinamatuka chonse. Bessie anasangalala pang'ono chabe, chifukwa pamene chinachokapo panatsala bowo lolowa zala zitatu, loloza kumene kumadutsa utsi. Dzimbiri linadya chitsulocho kalekale, ndipo litsiro lija ndi limene linkatseka. Uvuni wotere buledi amatuluka wakuda, wonunkha utsi.

Anachita mantha, ndipo mantha anamupatsa nzeru zoipa. Anakatapa dothi la pachulu, nalikanda ndi phulusa, n'kumata pabowopo. Poona kuti chigambacho chikufiira, anachipaka mwaye kuti chisaonekere.

Loweruka m'mawa a Ethel anagwada n'kulowetsa mutu mu uvunimo. Bessie anaima kumbuyo, manja atawabisa m'chitenje.

"Mwagwira ntchito, mayi. Koma pangodya apa mwasiya. Tandipatsani mpeniwo."

Bessie anafuna kufotokoza, koma Chichewa chonse chimene anaphunzira kusukulu chinamuthawa, pakamwa pakungobwera Chitonga. Anapereka mpeniwo. Anamva ukukwecha kamodzi, kawiri, kenako dothi lija linagwera mkati.

A Ethel anayang'ana bowolo nthawi yaitali.

"Nanga zaka zonsezi chimatseka n'chiyani?"

"Chomwe munati ndichotse chija, amama."

A Ethel anaimirira. Anamugwira mkono n'kuutulutsa m'chitenje, naona zalazo, ndipo anakatenga mankhwala ndi bandeji n'kumumanga okha, chala chimodzichimodzi. A Ethel anachita manyazi, zinkaoneka. Koma nthawi yokonza chitsulo panalibe, ndipo madzulo ake anatuma munthu kusitolo.

Lamulungu Bessie anadula buledi wogulayo tizidutswa tating'ono monga ankachitira nthawi zonse. Mbale itamufika anatenga kake, nakameza movutikira.

Potuluka m'tchalitchi, a Ackson Mhone, mkulu wa mpingo wokalamba amene maso anasiya kuona, anaima pakhomo akuyendetsabe lilime m'kamwa. Anagwira mkono wa munthu amene anali pafupi.

"Kodi nyaLongwe wamwalira, osatiuza?"

Mkono umene anaugwirawo unali wa Bessie.