Dothi la kunyanja

Ndikukumbukira sukulu yathu ya udzu kufupi ndi Kachulu, yopanda chitseko ngakhale chimodzi. Lachisanu lililonse atsikana tinkazira pansi m'kalasi, aliyense chigawo chake. Ine changa chinkauma ndi ming'alu, moti Esinati, mnzanga wa pakamwa posatseka, ankati ndimazira ndi zigongono. Zinkandiwawa zedi.

Tsiku lina aphunzitsi athu, Mayi Nasiyaya, analengeza kuti Lolemba kubwera atcheyamani a chipani. Mtsikana wozira bwino kuposa onse ndiye adzagwade n'kuwapatsa lichero la mpunga wa ku Likangala. Mtima wanga unangoti phaa! Ndinalumbira kuti licherolo ndinyamula ine, Esinati aone.

Anzanga anakatapa dothi kudambo la kuseri kwa sukulu monga mwa masiku onse. Ine ayi, ndinati dothi la aliyense lipereka ntchito ya aliyense. Ndinasenza ndowa mpaka m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa, kupyola pamene amayanika matemba, n'kukumba dothi lakuda bii, losalala ngati phala la mwana. Ndinazira, ndinakhula ndi mwala, ndinabwerezanso, mpaka maondo kusupuka. Abale, pansi paja panawala! Esinati anayang'ana, nameza mate.

Lolemba ndinalawira, diresi yochapa, miyendo yodzola mafuta a nsatsi. Ndili patali ndinamva anyamata akufa ndi phwete. Kulowa m'kalasi, mayo ine! Mbuzi za m'mudzi wonse zinali pa chigawo changa chokha, kunyambita, kupalasa ndi ziboda, tonde akununkha pakati ngati mwini msonkhano. Dothi la kunyanja lija lili ndi mchere, ndipo litauma unatuluka mbuu. Zigawo za anzanga mbuzi zinangodutsapo, koma panga zinasiya maenje ndi ndowe.

Lichero ananyamula Esinati. Ine ndinaimba nyimbo zolandirira alendo ndili kumbuyo, mamina ndi misozi zili chuchuchu.

Alendo atapita, Mayi Nasiyaya anandiitana. Ndinkayembekeza chikwapu, koma iwo ankalimbana ndi kuseka.

"Iwe Agnesi, Lachisanu ndinaona. Chiyambire uphunzitsi sindinaone kuzira kotere. Koma ukanafunsa amako, akanakuuza chifukwa chake anthu a kuno satapa dothi kunyanja. Katenge la kudambo, uzirenso ndi manja omwe aja."

Ndinazira ndekha madzulo amenewo, kopanda mlendo, kopanda mphoto, ndipo panawala ndithu. Kuchokera pamenepo ntchito ya bola-bola inandikana.

Lero makalasi ndi a simenti, zitseko zachitsulo, ndipo adzukulu anga amangoponya chikolopa uku ndi uku n'kuthawa. Akandipeza ndikukonza zozira khonde langa amatsinana, ati agogo ayamba kudya dothi. Asiyeni aseke. Ine dothi ndisanazire, ndimayamba ndalilawa.