Nambala ya pa Lenzi si ya pa Sikelo

Inu amene mwabwera kudzafuna mawu olimbikitsa, ndikuuzeniretu kuti nkhani iyi shuga wake ndi wochepa. Ikuchokera m'minda ya tiyi ku Thyolo, ndipo ikuyambira m'matope.

Tsiku limene Salome Teleza anafika pansi penipeni, nkhoswe ya ukwati wina inabwera kukomboni ya esiteti itanyamula envulopu ya zithunzi. Bamboyo anakana mpando. Anaima pabwalo dala kuti nyumba zonse zimve.

"Tandiuzani, chemwali, mkwatibwi ndi uti apa? Uyu, kapena khomali?"

Zithunzizo zinali zakuda bii. Zimene zinawalako pang'ono zinali zogwedezeka ngati wojambulayo anali ndi malungo. Pomwe mkwati ankaveka mnzake mphete panangooneka kamzere kotuwa. Nkhosweyo inazimwaza pansi n'kunyamuka, ndipo ana a pakomboni anayamba kuzitola akuseka. Pofika madzulo Salome anali atapatsidwa dzina latsopano: Wojambula Mizukwa.

Ukwati subwerezedwa, abale. Mtsikana wa eni ake anakwatiwa kamodzi, ndipo alibe chithunzi cha tsikulo mpaka lero.

Tibwerere m'mbuyo pang'ono kuti mumve chimene chinachitika.

Salome analephera mayeso a folomu 4. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo analeredwa ndi mayi ake, a Fainess, amene anatchola tiyi pa esiteti imeneyo kuyambira ali mtsikana. Naye Salome anabereka dengu ngati waganyu nyengo ya mvula. Koma mtima wake unali pa kujambula. Anadzimana mpaka anagula kamera ya kaunjika yokhala ndi kalenzi kakafupi, n'kumajambula ana asukulu ndi amayi a kwaya.

Kenako unabwera ukwati uja, ntchito yake yoyamba yaikulu. Abusa a tchalitchicho anali ndi lamulo: wojambula asayandikire kuguwa, ndipo fulashi ayi. Pankafunika lenzi yokoka zinthu zakutali. Wina anamuuza kuti akafunse "lenzi yachangu". Mawu okhawo ndiwo anakwera nawo minibasi ya ku Limbe.

Mwini shopu anamuikira ziwiri patebulo. Ina inali yonyezimira, yopepuka, yolembedwa 300 ndi 5.6. Inayo inali yolemera, yokalikakalika, yolembedwa 200 ndi 2.8, ndipo mtengo wake unali wothyola msana.

Tsono munthu wokulira mu tiyi amadziwa chinthu chimodzi bwinobwino. Ukafika pa sikelo ndi dengu lako, nambala yaikulu ndiye chimwemwe, yaing'ono ndiye njala. Salome anayang'ana manambalawo n'kuseka mumtima. Anati bambo uyu akufuna kundigwira m'maso, andigulitse chaching'ono ndi chakale pa mtengo waukulu, akuyesa ndine wakumudzi.

"Ndipatseni ya manambala akuluakuluyo," anatero.

"Mwasankha bwino, sisi," anayankha mwini shopu, akukulunga msangamsanga.

Anasankha bwino! Bamboyo ankadziwa zonse, koma anangotseka pakamwa. Anthu otere ine amandinyansa kuposa akuba a m'basi, chifukwa wakuba sakumwetulira.

Tsiku la ukwati kunagwa chiperoni. Amene mumakudziwa kwathu kuno mukudziwa mmene chimachitira: chifunga chimakhala pansi, kamvula kakuwaza, masana n'kumaoneka ngati kukuda. M'tchalitchimo munali mdima wa m'nkhokwe. Salome anaima kumbuyo n'kumadina, kamera ikuchedwa kuphethira, iye osadziwa chifukwa chake. Ankaona pagalasi kuti zinthu sizili bwino, koma anadzinamiza kuti zikatsukidwa ziwala.

Pobweza ndalama za eni ukwati zinapita mbuzi ziwiri za mayi ake. Mvula itayamba, Salome anaberekanso dengu. Anzake m'munda sanamusiye. Akamadutsa ankaima chilili, manja m'chiuno, n'kumati, "Tijambuleniko, amwene, tikaopseze ana kunyumba."

A Fainess sankaseka nawo, koma mawu awo ndiwo ankapweteka kwambiri.

"Gulitsa chidolecho, mwanawe. Ine msana watha, nyengo ino ikatha ndikupuma. Nyumba ino ndi ya esiteti. Ndikasiya ntchito popanda wolowa m'malo mwanga, atitulutsa. Ndalankhula kale ndi akapitawo, akulemba iweyo ntchito yokhazikika."

Apa ndiye panagona nkhani. Wantchito wokhazikika amatchola mpaka Loweruka, ndipo maukwati amachitika Loweruka. Kulembedwa kunali kutsanzikana ndi kamera. Kukana kunali kuchotsa denga pamutu pa mayi wokalamba.

Salome anagonja. Lamlungu lina anatenga lenzi ija kupita nayo kwa a Nathan, bambo wachikulire wokonza mawotchi ndi makamera pakhonde la sitolo ina paboma, kuti amugulitsire. A Nathan anaitembenuza n'kufunsa chimene inalakwa. Atamva nkhani yonse, anapukusa mutu.

"Safunsa anadya phula, mwanangu. Nambala iyi ya 5.6 si ya makilo. Ndi yogawira. Chigumu ukachigawa pawiri, chidutswa chako chimakula bwanji? Nanga ukachigawa pasanu?"

"Pawiri n'chachikulu," anayankha Salome.

"Basi. Ya 2.8 ija ili ndi bowo lalikulu, kuwala kumalowa kwambiri, ndiye kamera imaphethira msanga ngakhale mumdima. N'chifukwa chake amati yachangu. Yakoyi ndi ya padzuwa. Silakwa kanthu, koma m'tchalitchi ndi yakhungu."

Salome anakhala pansi pakhondepo n'kulira. Sanalire chifukwa cha manyazi, analira ndi mkwiyo. Mbuzi ziwiri, dzina lake, ukwati wa mwana wa eni ake, zonse zinapita chifukwa cha mawu amene munthu akanamuuza ataimirira, osataya ngakhale malovu ambiri.

Tsiku limenelo lenzi sanaigulitse. Anabwerera nayo kunyumba n'kuuza mayi ake kuti wogula sanapezeke.

Popeza inali ya padzuwa, anaipatsa dzuwa. Mkati mwa sabata ankatchola tiyi, Lamlungu masana ankapita kumabwalo a mpira. Anajambula anyamata a mpira wamiyendo ku Khwethemule, atsikana a mpira wamanja ku Kapichi, ambiri a maulendowo akuyenda wapansi kuti asalipire kabaza. Kumeneko dzina la mizukwa linali lisanafike. Osewera ankagula zithunzi zawo, ena ankazitenga osalipira, ena ankati wawadetsa nkhope ngati kuti anabadwa oyera. Zochepa zimene ankapeza ankaziponya ku banki m'khonde ya amayi a pakomboni. Nsapato zinang'ambika, anazisoka. Mafuta odzola anasiya.

A Nathan anamuphunzitsanso kagulidwe ka munthu wosauka. Yatsopano ya 2.8 anati aiwale, mtengo wake ndi wa njinga yamoto. Anati asayang'ane khungu la lenzi, ayang'ane galasi. Atenge tochi ya foni, aunike mkati, chifukwa kuno kwathu kwa chinyontho magalasi amamera chuku chooneka ngati ulusi wa kangaude. Anati atenge kamera yake, aimange lenziyo pomwepo, ajambule pakona yamdima m'shopumo, ndipo asachite manyazi ngakhale wogulitsa akwiye.

Salome anapita ku Limbe kangapo, kumangobwerako chimanjamanja. Ogulitsa anayamba kumudziwa ngati mayi wa katochi wosagula kanthu. Ina imene anaikonda kwambiri inali yokongola ngati yatsopano, mtengo wake wofikirika. Atawalitsa tochi anaona chuku chitayala mkati monse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ina inali yabwino koma yosagwirizana ndi kamera yake.

Imene anagula pomaliza inali yonyansa. Inali ya kampani yosatchuka, 70 mpaka 200, penti itasupuka, mphira wake atamangidwa ndi tepi. Choipa kwambiri, kainjini kake kodzilunjikitsira kokha kanali kakufa, moti kuti chithunzi chioneke bwino munthu ankayenera kupotokola ndi dzanja. N'chifukwa chake inatsika mtengo. Koma galasi lake linali loyera mbee, ndipo pambali panalembedwa 2.8. Anapereka lenzi yakale ija n'kuwonjezera zonse za ku banki m'khonde.

A Fainess ataiona anangoti, "Ndiye wagula chitsulo chakufa." Sanalankhulenso naye tsiku lonse.

Kuphunzira kupotokola ndi dzanja sikunali masewera. Lenziyo inali yolemera, mikono inkanjenjemera, mpaka anadula nsungwi yoti azitsamiritsapo. Anayesera pa nkhuku, pa agalu, pa njinga zodutsa mumsewu, makamaka kukachita chifunga. Zoyamba zinali mizukwa ndithu. Pang'ono ndi pang'ono zala zinazolowera.

Mukuyembekeza kuti ndinene kuti maukwati anayamba kugwa ngati mvula? Ayi. Palibe anabwera. Anayenda m'matchalitchi kuonetsa zithunzi zatsopano, anthu n'kumati, "Si uja anawononga ukwati wa eni ake uyu?" Kwathu kuno ukalakwa kamodzi, anthu amakusungira mlanduwo bwino kuposa mmene amasungira mbewu.

Nyengo yotchola inafika kumapeto. Akapitawo anatumiza mawu kuti Lolemba Salome akaonekere kuofesi. Iye anavomera. Anali atatopa.

Loweruka linali tsiku lomaliza la a Fainess m'munda. Salome anaganiza kuti kamera isanapite, ajambule chithunzi chimodzi cha mayi ake ali pantchito, poti pa zaka zonsezo analibe ngakhale chimodzi. Alonda a esiteti salola kamera m'munda, choncho anaima mumsewu wa boma, kutsidya kwa ngalande. Kunali chifunga ndi kamvula. Gulu la otchola linali patali ndithu, mitu yokha ikuoneka pamwamba pa tiyi. Anazika nsungwi yake, anatsegula bowo lonse, anapotokola mpaka nkhope ya mayi ake inatulukira m'chifungamo. Anadina.

Anakatsukitsa chithunzicho paboma tsiku lomwelo, n'kuwapatsa mayi ake Lamlungu atabwera kutchalitchi.

A Fainess anayamba ndi kukalipa.

"Iwe, ungandijambule ndili m'sanza? Ndilibe yunifolomu ya Mvano ine? Ukaonetsa munthu chimenechi tiyambana."

Koma sanachibweze. Anapita nacho pakhomo pomwe panali kuwala. Chithunzicho chinaonetsa zonse, osabisa kanthu: pulasitiki yomanga m'chiuno, zingwe za dengu zitalowa m'mapewa, madontho a mvula pa duku, zala zong'ambika zitagwira masamba, khosi litapindika ngati la munthu wofunafuna chimene anataya kalekale.

Anachiyang'anitsitsa. Kenako analankhula motsitsa.

"Zaka zonsezi ndimaona anzanga atapindika chonchi, ndimawamvera chisoni. Ndimati ine ayi."

Anatembenukira kwa Salome.

"Ndiye ndimafuna kukupatsa chimenechi ngati chuma chamasiye? Mawa kwa akapitawo ndipita ndine. Nyumbayo atenge."

Ndipo anaitengadi. Musaganize kuti esiteti inamva chisoni. Mwezi usanathe, katundu wawo anali pa ngolo, kupita kukachipinda ka lendi kuseri kwa msika, kodontha pakona. Miyezi yoyamba inali yowawa kwambiri, ndipo panali masiku amene awiriwo ankagona ndi madzi okha m'mimba, osayang'anana.

Ntchito yoyamba anaipeza ndi a Fainess. Mayi amene ankati chidole uja anayamba kuyenda ndi zithunzi za mwana wake m'kachikwama, kumisonkhano ya amayi, kumaliro, kuchigayo. Anakakamiza mnzawo wina wa Mvano mpaka analola kuti Salome ajambule ukwati wa mdzukulu wake ku Thekerani, kulipira pokhapokha akaona zithunzi. Ataziona analipira, n'kuuzako ena.

Lero Salome si wolemera, ndisakunamizeni. Alibe galimoto, alibe shopu ya magalasi. Koma Loweruka lililonse la nyengo ya maukwati amakhala atatengedwa kale, lendi amalipira yekha, ndipo a Fainess amadzuka dzuwa litatuluka. Akabwera mtsikana kapena mnyamata wofuna kugula lenzi yake yoyamba, Salome amamukhazika pansi n'kumufotokozera zonse kwaulere, chifukwa amadziwa mtengo wa kutseka pakamwa.

Tsono iwe amene ukuwerenga uli pansi, amene anthu akupatsa dzina lachipongwe chifukwa cha kulakwa kumodzi, sindikulonjeza kuti adzakupepesa. Sadzapepesa. Sindikulonjeza kuti zimene unataya zidzabwerera. Zina zinapita basi. Koma funsa pomwe sukudziwa, ngakhale akuseke. Gula chimene thumba lako lingathe, n'kuchiphunzira mpaka chikumvere. Ndipo akakuuza kuti ubwerere kumene unachokera chifukwa ndiko kuli malo ako, lira ngati ukufuna kulira, kwiya ngati ukufuna kukwiya, koma osataya mtima.