Amithenga onama a m'magazi mwanga

Gulugufe anatera pankhope panga chaka chimene ndinayamba kugulitsa kachewere pa Lizulu. Sanali gulugufe wouluka ayi, koma zidzolo zofiirira, phiko lina tsaya ili, lina tsaya linalo, thupi lake pamphuno. Azakhali anga anangondiyang'ana kamodzi n'kugamula mlandu: "Mafuta oyeretsa khungu amenewa. Umafuna usanduke mzungu, taona tsono." Ine mafutawo ndinali ndisanawagwirepo n'komwe, ndipo ndinawayankha mawu amene mpaka lero ndimachita nawo manyazi.

Zidzolo zokha ndikanapirira. Koma m'mawa zala zinkauma gwa, moti kumanga chitenje inali ntchito, maondo akuphwanya, tsitsi likutsalira m'chipeso. Ndikakhalitsa padzuwa, zonsezi zinkabwera pamodzi.

Vuto lenileni linali gule. Masiku amenewo mkazi aliyense ankayenera kukavinira mtsogoleri wa dziko, ndipo tinkaphunzira nyimbo pabwalo la sukulu dzuwa lili paliwombo. Ine, osadzitama, m'chiuno munali mofewa, ndiye ankandiika kutsogolo. Ndikavina tsiku limodzi, ndinkagona masiku atatu. Kujomba nakonso kunali koopsa, chifukwa wosavina ankafunsidwa kuti ali ndi maganizo otani. Nditajomba kachiwiri, amayi atcheya, amene ankatsogolera azimayi a chipani kwathu, anatumiza mawu akuti dzina langa alilemba m'buku la ojomba.

Bambo anga, amene anagwirapo ntchito m'migodi ku Joni ndipo ankakhulupirira madokotala kuposa m'busa, anati ndipite ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Ndinapita ndi mayi. Atanditenga magazi kangapo, dokotala wachizungu anatiitana, pambali pake pali bambo wina wachipatala wotanthauzira. Matendawo anawatchula kuti lupasi.

"M'thupi mwa munthu muli asilikali olimbana ndi matenda," anatero wotanthauzirayo. "Asilikaliwo sayenda okha. M'magazi muli timithenga ting'onoting'ono timene timawauza kuti mdani ali apa, thamangani. Tsono mwa mwana wanuyu amithengawo achuluka, ndipo akunena zabodza. Akuloza khungu lake, mfundo za mafupa ake, kuti ndiye adani. Ndiye asilikali aukira..."

"Shhh!" Mayi anadzuka pampando, maso ali pa chithunzi cha mtsogoleri chimene chinali pakhoma. "Bambo inu, mutipalamulitsa! Ife ndife alimi, za asilikali oukira sitikuzidziwa."

Wotanthauzira uja anaseka mpaka kupukuta misozi, koma naye anatsitsa mawu pomaliza nkhaniyo. Anati dzuwa ndi limene limautsa amithenga onamawo, choncho ndizilipewa. Anandipatsa kalata ndi mitundu iwiri ya mapiritsi oti azikhazika pansi amithengawo. Mtundu wina unali uja wowawa wa malungo. Mayi anang'ung'udza ulendo wonse m'basi: "Mpaka Blantyre kukatenga mankhwala opezeka pagolosale!"

Kalata ndinali nayo, koma inali m'Chingerezi, ndipo amayi atcheya sankagonjera pepala. Anali mayi wamkulu thupi, wa mawu ngati ng'oma, amene ngakhale amuna ankawapatukira panjira. Mayi anandichenjeza kuti ndikakatchula asilikali, iwo sakundidziwa. Ndinawapeza amayi atcheyawo pakhonde akusankha nyemba, ndinagwada n'kupereka kalata. Anaitembenuza uku ndi uku n'kuiika pansi.

"Iwe, Chizunguchi ndidye? Tanena ndi pakamwa pako. Ukudwala chiyani chimene chimadana ndi gule yekha koma kumsika ayi?"

Mtima unandiyaka. Kumsika ndinali nditasiya kale mwezi wathunthu. Ndinaiwala malangizo onse a mayi n'kufotokoza monga ndinamvera: za asilikali, za amithenga onama amene amakanena kuti uje ndi mdani pamene ndi mwini nyumba, za asilikali amene safunsa koma kungomenya. "Thupi langa lomwe likundineneza, amayi," ndinatero, "ndipo palibe chimene ndinalakwa."

Amayi atcheya anasiya kusankha nyemba. Ine mantha anandigwira, ndikuti basi ndadziphera ndekha. Ndipamene ndinakumbukira chimene mudzi wonse unkadziwa koma osachitchula: mlongo wawo, mphunzitsi wa ku Kandeu, anatengedwa ndi galimoto ya boma zaka zitatu m'mbuyomo chifukwa cha mawu a munthu wina, ndipo anali asanabwerere.

"Mawa ubwere," anatero. "Uzikakhala pansi pa mtengo wa mango uja, uziyambitsa nyimbo. Wina akafunsa, umuuze afunse ine."

Kuyambira tsikulo ndinakhala woyambitsa nyimbo wa pamthunzi, chipewa cha bambo cha ku Joni chili kumutu, ambulera ali pambali. Anzanga akuthyoka ziuno padzuwa ankandinena kuti ndine mkazi wa bwana, makamaka mapiritsi ena aja atanditupitsa masaya. Azakhali anasintha nyimbo n'kumauza anthu kuti mwana wa mchimwene wawo wanenepa ndi mtendere. Gulugufe ankapita n'kumabwera, mpaka lero amandichezera ndikachita mwano ndi dzuwa, koma dzina langa linafufutidwa m'buku muja.

Tsiku lina gule atatha, amayi atcheya anabwera pamthunzi panga kudzamwa madzi. Anandiona ndikumeza piritsi, nkhope nditakwinya ndi kuwawa kwake.

"Amenewa ndiye otontholetsa amithenga onama aja?" anafunsa chapansipansi.

"Eya, amayi."

Anayang'ana kabotolo ka mapiritsi anga, kenako anayang'ana msewu wopita ku Kandeu.

"Akanakhala ochuluka," anatero, "tikanathira m'chitsime kuti mudzi wonse umwe."