Nsalu ya Chipani pa Mgonero

Kwa Mwambo kuli gogo wina, mkulu wa mpingo, wa makutu odabwitsa. Matemba akatsokomola ku chilumba cha Chisi amawamva, koma atcheyamani a chipani akayankhula, makutuwo amasanduka zokongoletsa mutu.

Lamulungu lina atcheyamaniwo anabwera ndi nsalu ya chipani. "Yalani pa gome la mgonero. Chipani ndi Mulungu n'chimodzi. Wokana akagona kupolisi."

Gogo analandira ndi manja awiri, nakafunditsa khanda la mayi wothawa nkhondo ku Mozambiki, lomwe linkanjenjemera pakhomo.

"Madala, ndati pagome!"

"Mwati ndi ya Ambuye, bwana? Ndawapeza pakhomopa akumva chisanu. Kapena mukawavule nokha?"

Atcheyamani anangotsegula buku la nyimbo, chozondotsa.