Uthenga wa Maliro a Malume

Zaka zambiri ndinkalakalaka kuona dzina langa m'nyuzipepala. Ndimaphunzitsa Chichewa kuno ku Uliwa, kwa ana amene belu likangolira amabwerera ku Chitumbuka chawo, ndipo ndinkadziyesa mlembi wamkulu amene dziko likumuchedwetsa. Ndinkalemba nkhani pamanja, kukataipitsa, n'kutumiza kwa akonzi kummwera. Zambiri zinalowa m'madzi. Imodzi yokha ndiyo inatuluka patapita miyezi, atayidula mutu ndi mchira, ndipo sabata yotsatira ndinaipeza pamsika atakulungiramo usipa.

Choncho mnzanga wa kuntchito atandionetsa katsegulidwe ka blogu, tsamba langalanga la pa intaneti, ndinangoti laponda lamphawi. Kunalibenso mkonzi wondiuza kuti dikira. Ndikalemba m'mawa za mpunga wa kilombero kapena za ng'ombe zimene zimatseka msewu ngati ndi wawo, pofika masana anthu ayankha kale, ena ali ku Lilongwe, ena ku Mbeya, ena ku Joni. Ndemanga zawo zinandiledzeretsa. Ndinafika poti chilichonse chochitika, ngakhale mkangano wa anthu oyandikana nawo nyumba, ndinkachiona ngati nkhani yanga.

Malume anga, mlongo wawo wa amayi, ankakhala ku Lupembe, kulima chinangwa ndi kuweta ng'ombe. Ndiwo anandiphunzitsa kuwerenga, pa nyuzipepala zakale zimene anamata pakhoma la pabalaza. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi, msuweni wanga, amene amasoka zovala ku Mzuzu. Ine ndi iye tinakulira limodzi, kudyera mbale imodzi, ndipo tikakumana tinkasekana m'Chitumbuka mpaka anthu kutithamangitsa.

Malume anamwalira Lachitatu lina m'mawa. Amayi anandiimbira pa nthawi yopuma. "Asibweni ŵako ŵatileka," anatero. "Kweni mvyala wako tindamuphalire. Tamuphalira waka kuti adada ŵalwala chomene, wize luŵiro." Ndiko kuti malume atisiya, koma msuweni sanamuuze, angomuuza kuti bambo ake adwala kwambiri, abwere msanga.

Kwathu timatero. Mwana wa womwalira akakhala kutali sitimuuza za imfa pafoni. Timati matenda akula, bwera. Akafika, amayi akuluakulu amakamuchingamira panjira, kumugwira mbali zonse, kenako n'kumuuza, kuti akagwa agwere m'manja mwa abale ake. Mwambo umenewu ndimaudziwa bwino, ndipo mawu a amayi ndinawamva onse. Sindingathe kunama kuti sindinauzidwe.

Podikira chilolezo cha ahedi, ndinakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kulemba pafoni. Ndinkalira ndithu, koma polira pomwepo ndinkasankhanso mawu okoma. Ndinalemba za khoma la nyuzipepala lija, ndinaikapo ndi chithunzi chawo ataima pambali pa ngolo. Ndinakayika pang'ono, koma ndinadziuza kuti msuweni sawerenga blogu yanga, sanayankhepo ndi tsiku limodzi lomwe. Ndinadina, nkhani inapita. Chimene chimandichititsa manyazi koposa n'chakuti m'minibasi yopita ku Lupembe, ulendo wa kumaliro a malume anga, ndinkasuzumira pafoni kuona kuti ayankha angati.

Chakumasana amayi anayi anapita kumsewu kukadikira msuweni, ine ndinawatsatira chapatali. Minibasi itaima, iye anatsika maso atatupa, mawu atatha kale, atafunda chitenje chimene sichinali chake. M'manja munali jumbo la malalanje ndi ufa wa phala la odwala. Amayi aja anayamba kumuzungulira, akukonza poyambira, koma iye anati, "Lekani, napulika kale," kutanthauza kuti wamva kale. Amayiwo anangoima manja ali lende, ntchito yawo itagwiridwa kale ndi munthu wina.

Ndinamva pambuyo pake mmene zinayendera. Munthu wina wa kutchalitchi kwawo anaona nkhani yanga, n'kumutumizira ndi mawu akuti pepani. Msuweni anatsegula nkhaniyo pamene minibasi inkatsika mapiri a ku Chiweta. Anaona chithunzi cha bambo ake, anawerenga mzere woyamba, n'kukuwa pakati pa anthu osawadziwa. Dalaivala anaima. Amene anamugwira ndi kumufunditsa anali mayi wina wogulitsa nthochi, amene mpaka lero sitidziwa kwawo.

Ndinathamangira kuseri kwa khola n'kufufuta nkhaniyo. Koma madzi akatayika saoleka. Anthu anali atayijambula kale n'kumwaza m'magulu a pafoni, ndipo inapitiriza kuyenda ine nditakhala pamphasa pasiwa. Apo m'pamene ndinamusowa mkonzi uja ndinkamutukwana mumtima. Iye akanaisunga m'kabati milungu itatu, mwina n'kuitaya, ndipo msuweni akanagwera m'manja mwa azakhali ake.

Akuluakulu anafunsana kuti uthenga wadutsa pati. Wina anati ndi ana amakono ndi mafoni awo. Ine, munthu wa imvi m'mutu, ndinawasiya anawo asenze mlandu wanga. Amayi anga anandiyang'ana kamodzi, ndipo ndikanakonda akanandikalipira pagulu.

Titaika maliro, mawa lake, msuweni anandiitana m'nyumba ya malume. Anali akulongedza katundu wa bambo ake. Ndinalowa nditakonza mawu opepesa, ndipo ndinayamba ndi "Mvyala wane," msuweni wanga, koma anandidula.

"Aphunzitsi, khalani pampando," anatero.

Anatero m'Chichewa. Chibadwire sanandilankhulepo m'Chichewa. Kuno Chichewa timalankhula m'kalasi, muofesi, kapena ndi alendo ochokera kummwera. Anatsegula Baibulo la malume, natulutsa kapepala kofiirira kopindidwa kanayi. Inali nkhani yanga ija ya m'nyuzipepala, yodulidwa mutu ndi mchira. Sindinadziwe n'komwe kuti malume anaiona.

"Iyi adada anasunga, ndi yanu," anatero. "Inayo musavutike kundipatsa, ndinawerenga yonse. Mumalemba bwino."

Anatenganso jumbo lija n'kuliika pamiyendo panga. "Ndi malalanje awa mutenge. Amene ndinawagulira sadya."

Ndinatuluka nditanyamula, poti kukana kunandikanika. Blogu ilipobe, ndimalembapo apo ndi apo, ndipo ndikamaliza nkhani ndimaisiya igone kaye. Msuweni sanandidule chibale. Amabwera pa Khirisimasi, amasokera ana anga mayunifolomu, amandipatsa moni mwaulemu wonse. Ndimamuyankha m'Chitumbuka, iye n'kupitiriza m'Chichewa.